Buku Limene a Njobvu Anakana Kusaina

Mu mpingo wathu wa ku Chelstone, ambiri ankawadziwa a Abson Njobvu ngati mkulu wosesa m'tchalitchi Loweruka. Ochepa okha ndiwo ankadziwa kuti manja ogwira tsachewo anayendetsapo ndege.

Anabadwira ku Katete, nakulira ku Kabwata kwa amalume awo, amene anawaphunzitsa katekisimu ndi kuopa bodza. Dziko litalandira ufulu, anapita kunja kukaphunzira kuulutsa ndege.

Ndege iliyonse ili ndi buku lake. Chikavuta chinthu chimalembedwamo, makaniko akakonza amasaina, ndipo woyendetsa amasaina pomaliza kuvomereza kuti ndege ili bwino. Anzawo ankangoliyang'ana patalipatali. A Njobvu ankaliwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, mpaka anawapatsa dzina loti Abusa.

M'mawa wina mu 1981 anapeza kuti injini ya kumanzere inalembedwa kuti ikudontha mafuta, koma palibe makaniko amene anasaina. M'ndegemo munali mutakhala kale akuluakulu a chipani cholamula.

"Ba Njobvu, sainani chabe," anatero bwana wawo. "Mufuna kuchedwetsa ba chipani? Muzachotsedwa nchito."

"Sinizasaina vamene sininaone, ba bwana. Muli banthu umu."

Bwanayo anaitana woyendetsa wina, ndipo iye anasaina. Apa m'pamene pamandiwawa ine wolemba: ndegeyo inapita n'kubwera bwinobwino. Panalibe choti anthu anene kuti a Njobvu analondola. Ntchito inatha, ndipo mbiri inawanda yoti amadana ndi chipani. Nyumba yawo ya ku Woodlands, kwa anthu olemera, anaisiya. Anzawo akawaona mumsewu wa Cairo ankawolokera tsidya lina.

Mayi Winifred, akazi awo, atamwalira, anatsala okhaokha m'kanyumba ka ku Chelstone, ndege zikuwadutsa pamutu tsiku ndi tsiku. Sanadandaulepo. Ankangoti, "Mulungu anabachitila chifundo baja banthu. Niyamika."

Atadwala mu 1990, mayi Regina a Chigwirizano cha amayi a mpingo ndiwo ankawayendera. Masana ena anawafunsa ngati sanong'oneza bondo.

"Kuuluka nimayewa, amai, siningakunamizeni. Zaka zonse izi nimayewa, mtima umalakalaka," anayankha. "Koma olo lelo mwanibweletsela buku ija, sinizasaina."

Anapempha salimo, ndipo mayi Regina asanamalize kuwerenga, iwo anali atagona tulo tamtendere. Pa maliro awo tinalipo a mpingo okhaokha. Wa ku bwalo la ndege sanabwere ndi mmodzi yemwe.