Fyuzi ya Kadontho Kofiira

Tinakumana galimoto yanga itazima pamphambano, anzanga, mahutala akulira kumbuyo ngati ndapha munthu. Panatulukira mwamuna wamtali wa ovolosi yabuluu, sipanala ili m'thumba lakumbuyo.

"Achemwali, tsegulani boneti. Musachite manyazi, ngakhale za mabwana zimafa."

Anagwiragwira mawaya n'kundiuza kuti ndilize. Inalira. Mufoni ndinamusunga kuti Sipanala, ndipo dzinalo linamukakamira.

Galimotoyo anandipatsa ndi bambo anga maso awo atayamba kufooka. Inali yakale, koma m'manja mwawo sinkavuta. M'manja mwanga inayamba kudwaladwala, ndipo nthenda yake inali imodzimodzi: ukapotokola kiyi, injini inkangozungulira osalira.

Ine ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza madzi. Chinthu sindichikhulupirira ndisanachiyeze kawiri. Choncho ndinagula kope, n'kumalembamo tsiku limene yafa, kumene ndinkapita, ndi amene anaigwira komaliza.

"Madamu a sayansi," ankandiseka Sipanala, "tsiku lina mudzandilemba nanenso m'kope lanulo."

"Ukadzayamba kuzima pamsewu."

Chikondi chathu chinakulira pabenchi la pagaraja. Ankaika sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake kukhutu, n'kumamvetsera ngati dokotala. Tsiku lina anaiika pamsana panga.

"Eee! Injini iyi ikuthamanga kwambiri. Kodi yaona chiyani?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ine amene!

Tinasintha batire, mapulagi, pampu ya mafuta. Ikafa ndinkangomuimbira, iye n'kufika mosachedwa. Ankandituma madzi akumwa, ndipo pobwera ndinkapeza ikulira. Ndinkati ndapeza mwamuna wa manja odala.

Lachisanu lina mkulu wanga anaimba.

"Bambo sali bwino, akungotchula iwe. Ubwere mawa, usadikire."

Mawa lakelo kunali ukwati wa mchemwali wake wa Sipanala.

"Udzapite Lamlungu, babe. Abale anga onse akufuna kukuona."

Ndinakana. Sanakwiye. Anangoti ayione kaye galimotoyo popeza ulendo ndi wautali.

Loweruka m'mawa inakana kulira, Sipanala n'kubwera kudzaikonza. Ndinanyamula chikwama kuti ndikakwere basi.

"Basi ya chiyani? Ola limodzi lokha, ndatsala pang'ono."

Anathamangira kuukwati kukaonekera, n'kubwerera, n'kupitanso kukasaka chitsulo china. Ine ndili pakhonde, chikwama pamiyendo. Basi yomaliza yopita kwathu inanyamuka ndili pomwepo. Galimoto inadzalira cha m'ma folo. Ndikubwerera chambuyo kutuluka pageti, foni inalira. Anali mkulu wanga.

"Usathamangenso..."

Pamaliro Sipanala ananyamula nawo bokosi. Amayi anamutcha mwana wawo.

Patapita miyezi iwiri, ndikumuchapira ovolosi, ndinapeza fyuzi m'kathumba kapachifuwa. Yachikasu, yopsa, ili ndi kadontho ka penti yofiira. Ndinaiika pawindo la kubafa n'kuiwala.

Sabata yotsatira ndinali ndi maphunziro a masiku atatu kumzinda wina. M'mawa wa ulendowo galimoto inafa. Ndisanaimbe foni, aneba anga, bambo achikulire amene kale ankakonza magetsi a magalimoto, anasuzumira pampanda.

"Mwanawe, galimoto yako imeneyi yandikwana ndi ine ndemwe. Tabweretsa kiyi."

Anagwada pansi pa chiwongolero, n'kutsegula kabokosi kamene ine sindinkadziwa n'komwe kuti kalipo. Anazula fyuzi imodzi.

"Ya pampu ya mafuta. Nkhani yonse ndi kameneka."

Yachikasu. Yopsa. Kadontho kofiira.

Ndinapita kubafa. Pawindo panalibe kanthu.

Anaikapo ina, galimoto n'kulira nthawi yomweyo. Kumaphunziro sindinapite. Ndinakhala patebulo ndi kope langa. Chikumanireni chathu inali itafa kakhumi ndi kanayi. Ulendo uliwonse ndinkapita kwinakwake popanda iye. Ulendo uliwonse, pamzere wa amene anaigwira komaliza panali dzina limodzi, lolembedwa ndi dzanja langa lomwe.

Ndinamupeza pagaraja ali pansi pa lole. Ndinaika fyuziyo pabenchi lathu lija. Atatuluka anaiyang'ana.

"Ndinkangofuna uzikhala pafupi nane."

"Nanga Loweruka lija?"

"Sindinkadziwa kuti bambo adwalika chonchija. Ndinkati ukangoonekera kuukwati..."

"Fyuzi yabwinoyo inali kuti tsiku lonse lija?"

Dzanja lake linapita lokha pakathumba kapachifuwa.

Sindinalire, sindinakuwe. Ndinatenga kiyi wanga wachiwiri wa galimoto pamsomali pamene ankamupachika, n'kutuluka.

Papita miyezi isanu ndi itatu, anzanga, ndipo galimotoyo sinafenso ngakhale kamodzi. Chimenecho ndiye chinandilemera. Chipewa cha bambo chinali chikadali pampando wakumbuyo pamene anachisiya. M'mawa uliwonse ndikapotokola kiyi, injini n'kulira kamodzi n'kamodzi, ndinkadziwa kuti Loweruka lija ikanaliranso chimodzimodzi, ndipo ndikanawapeza ali maso. Ndikamabwerera chambuyo pageti ndinkamva mawu a mkulu wanga, foni ili chete m'chikwama. Ndikudziwa bwino kuti ndi mutu wanga chabe. Kudziwako sikunawaletse.

Sabata yatha ndinaigulitsa. Ndinangotulutsamo chipewa. Wogulayo anaizungulira kawiri, akumenya matayala ndi phazi.

"Ndiuzeni zoona, achemwali. Ili ndi vuto lanji?"

"Ilibe," ndinatero. "Sinakhalepo nalo."

Tsopano ndimakwera basi, ndipo ndimafika pasiteji nthawi isanakwane. Kope lija ndikadali nalo. Zoona zonse zinali mmenemo kuyambira tsamba lachiwiri, koma amene ndinkamukayikira ndi galimoto ya bambo anga.