Ponyowa Apo

Mwana wanga anabadwa masiku osakwana, ndiye ndinakhalitsa m'wodi ya makanda mpaka ndinadziwa aliyense. Amene sindidzawaiwala ndi amayi okolopa. Dzina lawo lenileni sindinalimvepo. Tonse tinkangoti Amayi a Ponyowa, chifukwa m'mawa uliwonse ankakuwa kuti, "Ponyowa apo! Maso munasiya kunyumba?" Ngakhale adokotala ankalambalala. Ukaponda, ankakolopanso akukuyang'ana mpaka uchite manyazi.

Anali amasiye. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anamwalira pobereka. Izi anandiuza akufinya mopu, osandiyang'ana.

M'wodimo munali nesi wina wochokera kunja, mtsikana amene anadzipereka kudzathandiza kwa miyezi yochepa. Ndi amene anandiphunzitsa kufinyira mkaka wanga m'kakapu n'kumwetsa mwana pang'onopang'ono. Chichewa ankaphunzira kwa Amayi a Ponyowa, koma kutsanzika kunamukanika. Akamaweruka, m'malo moti tsalani bwino, ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Pitani bwino!"

"Tipite kuti, anesi? Mwatitulutsa?" ankatero mayi wa bedi la pakhomo, tonse n'kufa nazo nseko.

Tsiku lina ndinati, "Amayi, bwanji osamuwongolera mwana wanuyu?"

"Musiyeni. Muno aliyense akufuna kupita kwawo, ndiye akukudalitsani." Kenako ananena chapansipansi, "Akadziwa kutsanzika, achoka."

Ankamusungira madzi otentha m'fulasiki, n'kumamukalipira akaiwala kudya. Nsapato zake zikada, ankamupukutira iye asakudziwa.

Nthawi yake itakwana, mtsikanayo anabwera wopanda yunifolomu, chikwama kumsana. Anatigwira chanza bedi ndi bedi, mwana wanga n'kumusisita kaphazi. Amayi a Ponyowa anali atakolopa kale pakhonde, koma anayambiranso, kuthira madzi khoma mpaka khoma kuti pasapezeke podutsa.

"Ponyowa apo," anatero, mawu osatuluka bwino.

Mtsikanayo anaponda basi. Anafika pomwe amayiwo anaima, n'kuwagwira manja pamodzi ndi mopu womwewo.

"Tsalani bwino, amayi."

Amayi a Ponyowa anamuyang'anitsitsa.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo?"

"Ndinafunsa, amayi. Ndimafuna lero ndinene bwino."

"Walakwitsa. Nena zako zija."

Mtsikanayo anayesa, koma misozi inamutsekereza. Panja galimoto inaliza hutala. Wotsala ndiye amati pita bwino, ndipo tonse tinkadikira kuti Amayi a Ponyowa anene. M'malo mwake anamukonzera lamba wa chikwama amene anapindika paphewa.

"Uzidya," anatero. Basi.

Mtsikanayo anatuluka. Zidindo za nsapato zake zinatsala pasimenti yonyowa, kuyambira pomwe anaima mpaka pakhomo. Ine ndinkati akolopa monga mwa masiku onse. Sanakolope. Anaima pambali atatsamira mopu, aliyense wodutsa akumuuza kuti alambalale, mpaka simenti inauma yokha, zidindo n'kuzimiririka.