Mwala wa Esinati

Chizindikiro choyamba chinali kutentha pansi pa phazi lamanzere, pafupi ndi chala chaching'ono. Munali mu Ogasiti, ndili Fomu 2, titangobwera kumene ku ulendo wa mapemphero. M'kabuku kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku ndinangoti phazi likuyabwa, kenako ndinadzaza masamba ndi za kuphiri.

Achinyamata a tchalitchi chathu ku Mkanda timayenda wapansi chaka chilichonse kupita ku phiri lina chakufupi ndi Kachebere, kumene kuli mtanda. Aliyense amatola mwala pakhomo pakwawo, mwala wa munthu amene akumusungira chakukhosi, n'kuyenda nawo njira yonse. Patsinde pa phiri timavula nsapato, kuzisiya pansi pa mtengo, ndipo pamwamba timakasiya mwalawo pansi pa mtanda. Ine ndinanyamula kamwala kakang'ono ka mng'ono wanga amene anang'amba kope langa, chifukwa ndinalibe wina womukwiyira. Komabe nditakasiya ndinamva thupi lonse kupepuka. Ine amene m'kalasi sindikweza dzanja, tsikulo ndinaimba mpaka mawu kusasa.

Titatsika, nsapato zanga panalibe. Zinali zakuda, zasukulu, ndipo lamba wakumanja Abambo anachita kusoka ndi ulusi wabuluu wa thumba la feteleza. Esinati, mnzanga wa m'kalasi amene amayambitsa nyimbo m'kwaya, anaseka n'kunena kuti, "Aaa Tiyanjane, ndiye kuti machimo ako sanathe. Pitiriza kulapa!" Onse anaseka, inenso ndinaseka. Pobwerera, tikudutsa m'munda wa fodya wokololakolola, ndinaponda chisonga. Ndinachizula, ndinamanga kansalu, n'kupitiriza ulendo.

Kunyumba zonse zinali monga ndinazisiyira: kutunga madzi, kusenda mtedza, kukangana ndi mng'ono wanga. Kupepuka kuja kunayamba kuchoka, ndipo ndinkachita mantha kuti kudzatheratu. Chimene chinatsala cha kuphiri chinali ululu wa phazi, choncho ndinkausunga. Chilondacho ndinkachitsuka ndi madzi a pakasupe wa kuphiri amene ndinabwera nawo m'botolo, ndipo chikapweteka ndinkaimba chamumtima nyimbo za pa ulendo. Sindinauze munthu.

Sabata yachiwiri phazi linatupa mpaka mu akakolo. Ndinachita mwanabele, thupi linkatentha, chakudya sichinkalowa. Kenako chala chaching'ono chinayamba kuda. Tsiku lina masana tikusenda mtedza, Amayi anaima n'kufunsa kuti, "Chikununkha n'chiyani pano? Tamasula chinsanzacho." Ataona sanakalipe. Anangoitana Abambo kudimba.

Abambo ananditenga pa njinga kupita kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anandibaya jakisoni wa kafumbata n'kutitumiza kuchipatala chachikulu ku boma. Tinadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atakanikiza phazi, mafinya anatuluka mbali ina imene sindinkadziwa kuti yaboka. Anauza Amayi kuti, "Chalachi chafa, tichotsa. Mukanachedwako pang'ono tikanadula phazi lonse."

Anandichita opaleshoni mawa lake. Pambuyo pake masiku ankafanana: kuyezedwa kutentha kwa thupi m'mamawa, mankhwala a mu diripi, phala limene Amayi ankaphika kumalo kwa odikirira odwala, kenako kutsuka chilonda. Nthawi yotsukayo ndi imene tonse m'wodi tinkaiopa. Anamwino ankachotsa bandeji yomatirira, kupala zoola, n'kulowetsa thonje latsopano m'dzenjemo. Ndinkaluma chitenje cha Amayi kuti ndisakuwe.

Lamulungu lina a kwaya anabwera kudzandizonda. Anaima mozungulira bedi n'kuimba nyimbo imene tinaimba pansi pa mtanda. Chifukwa cha manyazi ndinayang'ana pansi, ndipo pansipo ndinaona nsapato zanga ku mapazi a Esinati. Anazipaka polishi wambiri, koma ulusi wabuluu unkaonekabe. Iye ankayambitsa nyimbo, maso atatsinzina.

Atapita ndinapempha Amayi kuti akanditolere mwala panja. Anabwera ndi kakang'ono, ndinawabweza kuti akatole waukulupo. Ndinauika pansi pa pilo.

Kuyambira pamenepo pemphero linakanika. Ndikati ndiyambe, ndinkaona Esinati akuponda chisonga, phazi lake likutupa, iye ali pa bedi loyandikana nane, ine ndikumuimbira nyimbo maso atatsinzina. Ndinaganiza zomunenera kwa aphunzitsi, koma akanangomukalipira basi. Ndinaganiza zoimirira m'tchalitchi, koma ndimadzidziwa, mawu akanandithawa. Anamwino akamapala chilonda ndinasiya kuluma chitenje. Ndinkafinya mwalawo m'manja, ndipo ululu unkapiririka kuposa kale.

Ndinatumiza uthenga kudzera kwa Abambo kuti ndamusowa Esinati, abwere yekha m'mawa. Anabwera ndi nthochi, atavala nsapato zomwezo. Posakhalitsa anamwino anafika ndi ziwiya zawo n'kuuza alendo kuti atuluke. Ndinati, "Anesi, uyu ndi mnzanga wapamtima. Musiyeni andigwire dzanja."

"Ndiye usangoima, mtsikana iwe. Gwira kambaleka," anatero anamwino, akumupatsa kambale kachitsulo kotayiramo thonje.

Bandeji itachoka, Esinati anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu. "Yang'ana, Esinati. Apa panali chala." Anayang'ana. Thonje loyamba litagwera m'kambale, ndinamuuza pang'onopang'ono kuti ulusi wabuluu uja Abambo anautenga pa thumba la feteleza.

"Ndimangosewera, Tiya. Ndimati ndikubwezera Lolemba."

"Lolemba liti?"

Esinati anagwira kambaleko mpaka anamwino anamaliza, kenako anathamangira panja kukasanza. Atabwerera anavula nsapato, anaziika pansi pa bedi n'kutuluka. Pawindo ndinamuona akudutsa pa miyala yotentha ya pabwalo, akuponda monyinyirika. Kuchokera ku boma kukafika kwathu ndi kutali, ndipo m'njira muli zisonga. Ndinkadziwa zimenezo. Sindinamuitane. Mtima wanga unakondwa, ndipo m'kabuku kanga ndinalemba momwemo kuti unakondwa.

Ananditulutsa mvula yoyamba isanagwe. Kwa kanthawi ndinkayendera ndodo, ndipo Abambo ankandiperekeza pa njinga kukatsukitsa chilonda mpaka chinatseka. Mayeso a chakacho anandiphonya, moti ndikubwereza Fomu 2. Esinati anapita Fomu 3. Zimenezinso ndimazikumbukira.

Panopa ndili bwino. Ndimatsimphina pang'ono, ndipo kukazizira pamene panali chala pamalasa. Nsapato zija ndimavala, yakumanzere ndimaikamo thonje. Popita kusukulu ndimanyamuka ndekha anzanga asanatuluke, ndimayenda pang'onopang'ono n'kumaimba motsitsa nyimbo za kuphiri. Masiku ena kupepuka kuja kumabweranso ndithu, pakati pa minda ya chimanga, ngati ndili pa ulendo. Kumakhalapo mpaka dzanja langa litagunda mwala umene uli m'thumba la yunifomu. Akatekisi anandiuza kuti sindingasunge zonse ziwiri, kupepukako ndi mwalawo. Ndikudziwa kuti akunena zoona.

Kwa anzanga amene mumayenda maulendo otere, chilonda si chopatulika. Madzi a pakasupe muwasungire pemphero. Mukabayidwa, uzani akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo mukaona kutupa, mwanabele kapena kutentha thupi, pitani kuchipatala musanamve fungo. Ine ndinataya chala, ena amataya mwendo.

Ogasiti akubwera ndidzayendanso, nsapato nditazikoloweka m'khosi. Esinati wapempha kuti adzandinyamulire chikwama. Ndamuuza kuti chikwama ndidzanyamula ndekha. Iye adzanyamule mwala wake uja wa m'thumba langa kuyambira pakhomo pathu, ine ndidzakhala pambuyo pake, ndione ngati adzafike nawo pamtanda.