Anandiyanika Padzuwa Kuti Abiti Ndembo Awale

Senderani kuno nonse. Inu a pathandala, usipawo usiyeni kaye, suthawa, unafa kale. Abiti Juma, tsekani kawayilesi kanuko, lero wayilesi ndine. Khalani pansi. Chete! Wotsokomola atsokomoleretu. Ndikufuna mumve zimene wandichita wojambula zithunzi wa ku boma uja, kuti mawa asadzakuchiteni inu.

Ukwati wa mdzukulu wanga Hawa munauona. Mpunga munadya, ena munanyamula m'majumbo, maina sinditchula. Hawa ameneyo anamulera ndani mayi ake atamwalira? Ine. Anamubereka kumsana ndani popita kukagula usipa kudoko? Ine. Tsono ndifunseni kuti pa zithunzi zonse za ukwati umenewo ndili pa zingati. Funsani! Palibe. Ngakhale chimodzi. Mbuzi ya kuloji ilipo. Wophika alipo, ndi chipande chake chomwe. Ine ndiye ayi.

Ndiyambe poyambira. Mwana wanga wa ku Joni, malume ake a Hawa, ananditumizira zovala za tsikulo. Diresi loyera mbee lofika kumapazi, mtandio wofunda kumutu woyera waukulu, nsapato zoyera zoluma zala. Thupi langali mukuliona, Mulungu sanandimane, ndiye nsalu inalowa yambiri. Nditatuluka m'nyumba, nkhuku zinasiya kutola.

Titachoka kumzikiti, akuti tiyeni kuloji ina cha ku Makokola tikajambulitse. Kumeneko n'kumene ndinamuona. Kamnyamata kowonda, makamera awiri pakhosi, thalauza yothina ngati anachita kumusokera m'thupi, miyendo ngati nkhafi. Ine ndimutcha Kathalauza, dzina lake lisadutse pakamwa panga.

Iye uja: "Nonse pansi pa mtengo! Padzuwa ayi, muzikwinya nkhope."

Anthu onse pamthunzi. Ndiye akupisa m'chikwama, akutulutsa kanthu kozungulira ngati mbale ya ndiwo. Kukagwira chonchi, phaa! Chatambasuka, chakula ngati lichero la ziwanda. A shehe anadumpha, kofia pansi. Mbali ina choyera, mbali ina chonyezimira ngati mimba ya chambo.

Ine: "Iwe, chimenecho n'chiyani?"

Iye, mawu a m'mphuno: "Ndi lifulekita, agogo. Pamthunzi nkhope zimada. Ndiye ichi timachiika padzuwa, chimawakha dzuwa n'kuliponya pankhope."

Ine: "Kuwakha dzuwa? Dzuwa ndi mpira?"

Anachitsamiritsa pampando, pamchenga. Asanajambule n'komwe, kamvuluvulu uyo! Chilichero chija chinadzuka, chinaima chokha, n'kuyamba kugudubuzika ngati tayala la njinga. Kathalauza pambuyo. Koma muthamange bwanji ndi thalauza imeneyo? Amangoti nyanyu nyanyu ngati kakowa. Chinthu chija vuu, mpaka m'bango, thibu! Akufuna kulowa, msodzi wina ali pabwato akuti: "Achimwene, mmenemo mumagona mvuu ya mwana. Lowani, koma makamerawo mutisiyire."

Anabwerera manja ali kumutu. Akuyang'ana uku, akuyang'ana uko. Kenako maso ake pa ine. Kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kubwereranso. Nkhope yake ngwee! Ine mumtima ndikuti eya, wamuzindikira tsopano mwini ukwati.

"Agogo," akutero, "inu ndi munthu wofunika kwambiri pano. Popanda inu, lero palibe chithunzi."

Wallahi ananena choncho, a shehe ndi mboni. Ine ndinangotembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Abiti Ndembo. Kwa amene simuwadziwa, Abiti Ndembo ndi agogo ake a mkwati, asewere anga. Mayi amene aja chiyambire chitomero akhala akundiuza kuti, "Ife kwathu ku Namwera zithunzi tinazizolowera, asewere, musadzaope kamera, siluma." Ndiye mawu a Kathalauza anandikomera ngati tiyi wamkaka.

Anandigwira dzanja ngati mfumukazi, kunditulutsa pamthunzi, kukandiimika pamchenga, padzuwa, kutsogolo kwa anthu onse, cha pambali pake iyeyo.

Ine: "Apa ndiye paulemu?"

Iye: "Paulemu kwambiri, agogo. Tambasulani mtandiowo. Manja m'mwamba pang'ono. Tembenukirani kwa mkwatibwi. Eeeh! Pomwepo! Musagwedezeke!"

Ndinaima chonchi, onani. Manja uku ndi uku, mtandio tambasu, ngati thanga la bwato. Dzuwa la mwezi uno mukulidziwa, lija loti buluzi amapempha madzi. Mchenga ukuwotcha, nsapato zikuluma, thukuta likuyenda kumsana ngati nyerere. Iye akangoti "Simayilo!" ine mano onse panja, otsala omwewa. Akuti "Inanso!" ine mano panja. Kamera ikuloza kumtengo, inde ndinaona, koma ndimati makina amakono amaona ndi m'mbali momwe. Foni si imamva munthu ali ku Joni? Nanga kamera ingalephere kuona nkhalamba yonenepa ili pafupi?

Akuchimuna analowa, anatuluka. Akuchikazi analowa, anatuluka. Anzake a Hawa a kusukulu, kulowa, kutuluka. Ine pomwepo. Mumtima ndikuti, onani, ena akusinthidwa ngati mbale, ine ndili pa chithunzi chilichonse.

Hawa mwanangu anaitana, kamawu kake kaja: "Anganga, bwerani mudzaime pafupi ndi ine."

Kathalauza kulumpha: "Ayi ayi ayi, sisi! Agogo akachoka pamenepo chithunzi chafa!"

Ine n'kumuyankha mwana: "Wamva, Hawa? Ndikachoka pano chafa. Iwe ingosekerera."

Ndiye kunabwera choopsa. Akuti tsopano mkwatibwi ndi agogo a mkwati, awiriwiri. Abiti Ndembo awo, diresi lobiriwira ngati ndere, kukhala pampando wa khushoni, pamthunzi, botolo la Fanta pambali. Hawa wanga waima kumbuyo kwawo, dzanja paphewa.

Kathalauza: "Agogo oyera, senderani pafupi. Pafupinso. Tsopano weramani pang'ono, pansi pa chibwano cha mayiwa pali mdima."

Ndinawerama! Ine! Pamaso pa Abiti Ndembo, manja tambasu, ngati ndikupepesa mlandu! Iwo akukonza mpango, akuti, mawu oonda aja: "Sikomo, asewere. Mutsike pang'ono, diso lamanzereli silikulandira."

Ndipo ndinatsika. Ndimati ndi sitayilo.

Atatha akuti, "Zatheka! Agogo, ndinu ngwazi." Nsagwada zinali zitauma ndi kuseka, mpunga ndinachita kumeza osatafuna. Mapewa mpaka lero ndikupaka mankhwala.

Ukwati unatha. Diresi la mkwatibwi linali lobwereka, linabwerera ku Blantyre. Hawa ananyamuka ndi mwamuna wake, ulendo wa ku Joni. Kenako zithunzi zinafika pafoni. Abiti Juma, si pafoni yanu tinaonera? Nenani ngati ndikunama. Ndinayala mphasa, ndinaitana anthu, ndinaphika tiyi. Abiti Juma akukankha ndi chala, ine ndikuti, "Pitirizani, ndili kutsogoloko." Akukankha. "Pitirizani." Mbuzi. "Pitirizani." Wophika. Kenako Abiti Ndembo, mayo ine! Nkhope see, makwinya onse afafanizika, masaya akuwala ngati mtsikana wa chinamwali. Mayi woti maso ndi maso amaoneka ngati chinangwa chofota! Abiti Juma akukankha, foni yakana. Akuti, "Zathera pomwepa." Anthu anamwa tiyi wanga n'kumabalalika.

Tsiku lomwelo Hawa anaimba foni, akulira. "Anganga, ndimafuna ndikhome chithunzi cha ine ndi inu pakhoma kuno. Ndasakasaka, mulibe. Munapita kuti?" Ndimuyankhe chiyani mwana? Kuti ndinali pomwepo, ndikuwotcha msana? Kumene aliko ndi kutali, ine zaka zapita. Ndani akudziwa ngati tidzaimenso limodzi?

Ndiye dzulo ndinakwera minibasi, wa ku boma. Kasitudiyo kake kali kuseri kwa msika. Ndikulowa, pakauntala pali mtsikana, zikhadabo ngati za mphamba, maso pafoni.

Ine: "Salamu aleikumu. Ndikufuna mwini wake."

Iye, osadzutsa mutu: "Ali bize."

Ine: "Bize ali kuti?"

Iye: "Munapanga buku? Pano munthu amayamba walembetsa."

Ine: "Mwanawe, ndikayamba kukuwa pano, a kumsika onse abwera osapanga buku."

Katani kutseguka, Kathalauza uyo. Kundiona, mmalo mochita manyazi, manja m'mwamba, chimwemwe: "Aaa! Lifulekita yanga!"

Asitaghafiru! Mayi anga anandipatsa dzina, bambo anga anapha mbuzi, lero ndine lifulekita.

Ine: "Iwe, ndili kuti pa zithunzi zija?"

Iye: "Agogo, khazikani mtima pansi. Inu muli pa chithunzi chilichonse."

Ine: "Ndionetse."

Anatsegula kompyuta. Akuloza tsaya la Hawa. "Mukuona kuwala uku? Ndinu. Mukuona pamphumi pa mkwati apa? Ndinu. Zoyera zimabweza dzuwa mofewa, kuposa chasiliva chija. Anzanga onse akufunsa kuti ndinagula kuti."

Ine: "Ndiye zidzukulutuvi zanga zikadzafunsa kuti anganga anali otani, adzaziuze kuti onani pamphumi pa bambo anu?"

Iye: "Dikirani, dikirani, pali pena pamene mukuoneka thupi lonse."

Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinakonza mpango. Akutsegula chithunzi cha Abiti Ndembo. Akuchikulitsa. Mphuno yadzaza kompyuta. Akukulitsabe. Diso. Diso lokha, lalikulu ngati mbale. Akuloza ndi cholembera pakati pa diso.

"Kadontho koyera aka mukukaona? Ndinuyo, agogo! Onani, manja awa, mtandio uwu. Ife akatswiri kadontho kameneka timakafuna kwambiri, ndi kamene kamapatsa diso moyo."

Anthuni. Ndinalera mwana, ndinagula mpunga, ndinavala nsapato zoluma, kuti ndikakhale kachitsotso m'diso la Abiti Ndembo? Ndipatse moyo diso limene lakhala likundinyoza chiyambire chitomero?

Ndinamufunsa mafunso, ndipo ndikuwafunsanso pano kuti akamuuze. Bwanji sunandiuze kuti ukundisandutsa chipangizo? Nsalu za patebulo kuloji kuja sizinali zoyera? Mkanjo wa a shehe sunali woyera? Bwanji sunawaweramitse iwowo? Ndipo utatha kuwalitsa mtundu wonse wa ku Namwera, chala chako chikanathyoka kundijambula kamodzi ndi mwana wanga?

Iye akukanda kumutu: "Sole, agogo, zinandichoka. Komanso mukanalowa pamthunzi, akanakuwalitsani ndani? Koma musadandaule, tikhoza kukumatani ndi kompyuta. Muli ndi chithunzi china?"

Ndili nacho chimodzi chokha, cha pachitupa cha unzika, chija ndimaoneka ngati andigwira ndi nkhuku yakuba. Akuti chomwecho, tidula mutu, tiika pathupi la wophika, poti matupi ndi ofanana. Thupi la wophika! Ndi chipande m'manja! Hawa akakhome chimenecho ku Joni?

Ndinayamba kukuwa. A kumsika anabweradi. Kuti anditontholetse, akuti, "Agogo, landirani kamphatso, kaulere." Makina kulira, pepala kutuluka, kuliika mu envelopu. Ine ndimati mwina wapeza china. Ndatsegulira mu minibasi. Nachi, onani nonse. Musaseke! Abiti Juma, ndakuonani. Diso la Abiti Ndembo. Ndikalikhome kuchipinda kwanga lizindiyang'ana posintha zovala?

Ndiye ndikukuchenjezani, makamaka inu onenepa. Pa ukwati valani zakuda, zofiira, ngakhale thumba la makala. Wojambula akakuuzani kuti ndinu ofunika kwambiri, thawirani pamthunzi, mukagwire mkwatibwi osamusiya. Ine nkhaniyi sindinaitaye. Abweretse Hawa, abwereke diresi, atijambule, iyeyo avale zoyera awerame.

Ndinamuuza zomwezo ndikutuluka. Ndafika pamsewu, ndakweza mwendo kuti ndikwere minibasi, ndikumva phazi kumbuyo, nyanyu nyanyu. Ndikuti eya, wabwera kudzagwada. Waima pakati pa msewu, manja kukamwa, anthu onse akumva:

"Agogo! Loweruka muli ndi zochita? Ndili ndi ukwati wina ku Malindi! Mubwere ndi zoyera zomwe zija, thiransipoti ndi yanga!"