Diso langa lotsala

Chizindikiro choyamba ndinachionera pa lichero. Munali mu Juni 1955, titangokolola nsawa kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda, ndipo ndinkasankha zambewu. Mwana wanga Esinati anasuzumira m'dengu nanena kuti, "Amayi, mukuponyamo ndi zowola zomwe." Ndinamukalipira, poti ine ndinayamba kusankha nsawa iye asanabadwe. Koma atachoka ndinatseka diso lamanja ndi chikhatho, ndipo lichero lonse linasanduka nkhungu. Diso lamanzere linali litayamba ng'ala. Silinkapweteka, silinkatuluka manthongo, linkangoona ngati m'nyumba mwadzaza utsi.

Kuchipatala sindinapite. Zinali zaka za Chitaganya, mphekesera zili ponseponse. Ena ankati kumeneko amapopa anthu magazi. Ena ankati dokotala wa maso amakolowola diso, kuliika pa mbale, n'kukubwezeramo la mbuzi. Ine ndinali mayi wa mumpingo, wodziwa kuwerenga buku la nyimbo, koma nkhani zimenezi zinandilowa kuposa ulaliki. Mlamu wanga wa ku Vubwi atabwera ndi kabotolo ka madzi a masamba kochokera kwa sing'anga wa kutsidya kwa malire, ndinakalandira ndi manja awiri. Ndinadonthezera masiku atatu. Tsiku lachinayi diso linatupa, linayamba kutuluka mafinya, mutu n'kumagunda osaleka kwa milungu iwiri. Kutupa kutatha, disolo linali litafota. Mpaka lero siliona ngakhale dzuwa.

Mu 1957 nkhungu ija inayamba m'diso lamanja. Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni, chifukwa lachitatu ndinalibe. Ndinayamba kusokoneza nkhope za anthu, kenako ndinaleka kupita kumunda poti ndinkadula chimanga m'malo mwa udzu. Pofika mu 1959 ndinkangosiyanitsa mdima ndi kuwala basi.

Amuna anga anali atamwalira kale, choncho ankandisunga ndi Esinati pamodzi ndi amuna ake, a Tembo, amene anadzakhala pachikamwini m'mudzi mwathu. Ine ndi akamwini angawo sitinkayang'anana, monga mmene makolo anatilangizira. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'tchire, iwo kwina. Akakhala ndi mawu ankagwada kuseri kwa nkhokwe n'kumalankhula ngati akuuza nkhokweyo. Zaka zisanu ndi zitatu zinatha chonchi. Msana wawo ndinkaudziwa, katsokomoledwe kawonso, koma nkhope yawo sindinaiyang'anitsitsepo ngakhale pamene maso anali bwino. Ndinkanyadira zimenezi, ndipo ndinkanyoza amayi a ku Katete boma amene ankaseka ndi akamwini awo.

A Tembo ndiwo anamva pamsika wa nsawa kuti dokotala wa maso adzabwera pachipatala cha mishoni mu Ogasiti. Anandiuza kudzera mwa Esinati, ine n'kukanitsitsa. Chimene chinandigonjetsa si mawu a munthu. Tsiku lina ndinataya madzi otentha pakhomo osadziwa kuti kamdzukulu kanga kakusewera pomwepo, ndipo kanapsa phazi. Kulira kwake ndikukumvabe. Madzulo ake ndinauza Esinati kuti akaitane mng'ono wanga Alinesi adzandiperekeze, poti Esinatiyo anali ndi pakati potopa, sakanatha kuyenda.

Tinakwera ngolo mpaka kumsewu waukulu, kenako lole. Pachipatala tinadikira masiku asanu ndi limodzi, tikugona kumsasa wa odikirira odwala. Anthu a maso tinalipo ambiri, aliyense atagwira nsonga ya ndodo ya womutsogolera, ndipo tinkaopsezana tokhatokha ndi nkhani za mbuzi zija. Tsiku londipima, dokotala anaunika tochi kumanja, kumanzere, kumwamba, ine n'kumaloza kumene kuwala kukuchokera. Amene ankamasulira anali adiresa othandiza dokotala, a Mwale, bambo wa mawu otsika.

"Akuti ng'ala yakhwima, ichotsedwa," anatero a Mwale. "Lamanzereli palibe chochita. Ndiye mumvere zonse zimene tikuuzeni, mayi, chifukwa diso ndi limodzi lomweli."

Ndinawafunsa mosabisa ngati dokotala adzalitulutse disolo. Sanaseke. Anapita, n'kubwera ndi kabokosi kachitsulo, nati nditambasule dzanja. Choyamba anandigwiritsa kawaya kopindika kokanulira zikope. Kenako chigwiriro cha kampeni kopyapyala ngati tsamba la udzu, kumene kumaso kwake sanandilole kukhudza. Chomaliza chinali kapaipi kafupi, kumapeto kwake kuli kakapu kochepa kuposa chikhadabo cha khanda, kumbuyo kuli kamphira kofinya. Anakagunditsa pansonga ya chala changa, n'kutaya kamphirako, ndipo kanandigwira chala ngati mwana akuyamwa.

"Aka n'katsopano, kabwera ndi adokotala," anatero. "Akuti anakapanga dokotala mnzawo wa kunja, atatopa ndi ng'ala zophulika akamazikoka ndi kambaniro. Kamagwira ng'ala yokha n'kuitulutsa yathunthu. Diso limatsala pamalo pake. Mbale mwaimva m'bokosimu?"

Mbale munalibe, koma mantha sanathe. Anangosintha, tsopano ndinkaopa kampeni kaja.

Anandichita opaleshoni Lachiwiri m'mawa. Dzulo lake anandimeta nsidze za pachikope ndi kundimwetsa mankhwala otsuka m'mimba. Sanandigoneke tulo. Anandibaya jakisoni pafupi ndi khutu ndi wina pansi pa diso, nkhope n'kuchita dzanzi mbali imodzi, kenako anandifunditsa nsalu yokhala ndi chibowo. Ndinamva kawaya kaja kakukanula zikope. Ululu panalibe, koma ndinkamva kukhudza kulikonse, ndi kulira kwa zitsulo akamaziika pathebulo. A Mwale anandigwira miyendo kuti ndisasunthe. Ndinkayesa kupemphera koma mawu ankathera panjira. Ndiyeno ndinamva kukoka pang'onopang'ono, ndipo mwadzidzidzi kuwala koopsa kunandilowa m'mutu. Ndinaona chinthu chonga dzanja chikuyenda. Patatha zaka ziwiri, ndinaona dzanja la munthu. Anasoka ndi ulusi wochepa kuposa tsitsi, namanga maso onse awiri. Asanandinyamule, a Mwale anandiikira ng'alayo pachikhatho. Kanali kanthu kolimba pang'ono, kosaposa njere ya nyemba.

Anandinyamula pa machira kukandigoneka chagada, n'kuika timatumba ta mchenga mbali zonse ziwiri za mutu. Malamulo anali awa: masiku khumi osatembenuza mutu, osadzuka, osatsokomola, osayetsemula, osatafuna. Chakudya chinali phala lamadzimadzi la pa supuni. Bala la m'diso, anatero a Mwale, likatseguka, zam'kati zimatuluka ndipo sizibwereranso. M'wodimo tinali amayi asanu ndi atatu, tonse chagada, tonse mumdima. Wina akamva kuyabwa pakhosi tinkamumva akulimbana nako, ndipo tonse tinkagwira mpweya. Msana unkawawa, mchenga unkanunkha chinyezi, koma ine ndinapirira masiku atatu osasuntha, ndikudzitama mumtima kuti pa nkhani ya kumvera malamulo palibe angandipose.

Tsiku lachinayi, dzuwa litakwera, Alinesi anapita kukaphika phala. Ndinamva nsapato za sisitala wachizungu amene ankayang'anira wodi yathu, ndi mapazi ena osavala nsapato. Sisitalayo anali munthu wabwino, wokonda kusangalatsa odwala. Anati m'Chinyanja chake chopotoka, "Mayi, mwana wanu wabwera." Ndinamva munthu akugwada pafupi penipeni ndi bedi, kenako anatsokomola pang'ono.

Chifuwa chimenecho ndinachidziwa. Anali a Tembo, pafupi moti akanatha kundikhudza, ine ndili chagada, kumutu kulibe duku, nkhope ili poyera.

Sindinaganize. Thupi linachita lokha zimene linazolowera zaka zisanu ndi zitatu. Ndinatembenuzira mutu kukhoma mwamphamvu, dzanja likukoka bulangeti kuti ndifunde kumaso. Kathumba kamodzi kanagwa pansi. M'diso munalasa ngati munga, ndipo ndinamva madzi ofunda akutsikira kukhutu pansi pa bandeji.

Sisitala anakuwa. Mapazi aja anathamangira panja. Sisitalayo anandigwira mutu n'kuuwongola, ndipo dokotala atabwera anamasula bandeji. Sindinaone dzanja, sindinaone tochi. Ndinaona kufiira kokhakokha.

"Akuti magazi adzaza m'diso, ndipo ulusi umodzi wamasuka," anatero a Mwale. "Bala silinatsegukiretu. Magaziwo akhoza kuphwa okha, akhozanso kusaphwa. Tidikire."

Dokotala atachoka, a Mwale anatsala. "Ndikanakhalapo sakanalowa," anatero. "Asisitala anawafunsa kuti ndinu ndani wawo, iwo anati ndine mwana wawo, poti akamwini amatero. Basi anawagwira dzanja. Akanakana bwanji mzungu?"

Uthenga umene a Tembo anabweretsa anandiuza ndi Alinesi masana: Esinati anachira, mwana wamkazi. Akamwiniwo anapalasa njinga ulendo wonsewo kuti ndimve msanga. Ndinafuna kulira, koma kuliranso kunali koletsedwa.

Masiku amene anatsatira ndi oipa kuposa onse amene ndakhalapo. Anandikwezera mutu pang'ono kuti magazi atsike, nawonjezera timatumba, ndipo manja anandimanga momasuka ndi nsalu kuti ndisadzikhudze ndili m'tulo. M'mawa uliwonse ankamasula bandeji, kudonthezera mankhwala, n'kundifunsa chimene ndikuona. Tsiku lachisanu, kufiira. Lachisanu ndi chimodzi, kufiira. Anzanga amene tinachitidwa tsiku limodzi anayamba kuona, ndipo ndinkawamva akuwerenga zala za dokotala mokondwa, ine mtima ukuwawa ndi nsanje. Ndinakwiyira sisitala, ndinakwiyira a Tembo, ndinakwiyira Alinesi ndi phala lake. Onse atatha ndinatsala ndekha. Diso loyamba ndinaliononga ndi mantha anga, lachiwiri ndi ulemu wanga. Ndinkadziona ndikubwerera kumudzi nditagwira nsonga ya ndodo, mwana wa Esinati ndikungomupapasa mpaka kufa kwanga.

A Tembo sanabwerere kumudzi. Alinesi anati ankagona kumsasa, akuwazira nkhuni amayi onse odikirira odwala, koma chakudya akungochiyang'ana. M'mawa uliwonse, nthawi yomasula bandeji, ndinkamva chifuwa chija kunja kwa zenera.

Tsiku lachikhumi kufiira kunayamba kuoneka ngati madzi otsukira nyama. Pa tsiku la khumi ndi chitatu ndinaona chinthu choyera cha makona anayi, ndipo ndinafunsa ngati linali zenera. A Mwale anati inde. Anandichotsera timatumba patatha masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Podzuka ndinachita chizungulire, miyendo itaiwala ntchito yake. Mlungu wotsatira anandiyesa magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Zinthu zinabwera zonse nthawi imodzi, zazikulu ndiponso zapafupi kuposa mmene zilili: mizere ya bulangeti, imvi za Alinesi zimene sindinkazidziwa, ndi timatumba tija tili pakona. Tinali tating'ono, tosokedwa ndi nsalu yakale ya matumba a ufa.

Tsiku lotuluka ndinakhala pakhonde la wodi n'kuuza Alinesi kuti akaitane akamwini. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anapita. A Tembo anabwera, nagwada chapatali atandipatsa msana.

"Akamwini, tembenukani," ndinatero.

"Amayi, ndinalakwa ine."

"Tembenukani. Diso ili lavutikira zambiri, lione amene amandilimira."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anali munthu wa nkhope yaitali, wa mpata m'mano, ndi chipsera pachibwano, masaya atalowa chifukwa chosadya. Anali wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Misozi inkangotsika, osaipukuta. Titafika kumudzi ndinawaphera nkhuku pamaso pa abale, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitithawananso. Ena anandinena kuti ndatengera za ku boma. Ndinawasiya anene.

Tsopano papita zaka zinayi. Diso lamanja likuona, ngakhale popanda magalasi ndimangoona zithunzithunzi, ndipo dzuwa likawala kwambiri ndimavala duku lotsikira pamphumi. Masitepe ndi maenje amandinamizabe. Magalasiwo ndinawamangirira chingwe, ndipo palibe mwana amene amayerekeza kuwakhudza. Buku la nyimbo ndimawerenga ndikaliyandikitsa. Chaka chilichonse ndimapita kukapimitsa dokotala akabwera.

Kwa inu amene mwayamba kuona utsi pamene palibe moto, pitani kuchipatala maso akadali awiri. Musathire m'diso chinthu chimene simukuchidziwa, ngakhale akupatseni ndi m'bale wanu wokukondani. Palibe mbale, palibe mbuzi, ine ndinazigwira zitsulozo ndi dzanja langa. Ndipo ngati pali munthu amene mumamuthawa mwa ulemu, auzeni anamwino dzina lake asanakugonekeni pakati pa timatumba, chifukwa khosi silifunsa mutu lisanatembenuke.

Mwezi watha tinali kusankha nsawa zambewu pamphasa imodzi, ine ndi a Tembo, lichero lili pakati. Anaponya yowola m'dengu. Ndinaiona, ndinaitola, n'kuwabwezera m'manja.