Magazi pa Kabango ka Fodya

Ndimakumbukabe kuyetsemula kwa amalume pakhonde pathu ku Nkhulambe. Anabwerako ku esiteti ya tiyi ataonda, akutsokomola ngati mmene ankachitira malemu mayi anga. Amalumewo ndi agogo, amene ankandilera, ankakokera fodya wamphuno kabango kamodzi. Tsiku lina ndinaona magazi kunsonga kwa kabangoko, agogo n'kukalowetsa m'mphuno mwawo osapukuta.

Ndinalibenso wina wondisamala kupatula agogowo. Ndinadikirira alangizi azaumoyo panjira n'kuwafunsa ngati agogo angatenge kachilombo ka Edzi kwa amalume kudzera pa kabango kamagazi kaja.

"Kawirikawiri sikafala choncho," anatero, "koma poti pali magazi, sindingalumbire. Uwadulire kabango kawokawo. Akavomera, ubwere nawo Lachinayi adzayezetse."

Analemba dzina la agogo pakapepala, anandipatsa, n'kukwera njinga yawo.