Mawu a Amayi M'chigafa cha Fodya

Alamu anga a Gregorio anafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi kwa Dzoole, ali ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi makatoni atatu a mawailesi akufa. Anatsika kumapiri a ku Ntchisi kudzakwatira mkulu wanga Elizabeti, ndipo monga mwa mwambo wathu anamanga nyumba pakhomo pa amayi n'kukhala mkamwini. Khasu ankaligwira ndithu, ndisawanamizire, koma mizere yawo inkakhota ngati njira ya kuchitsime. Pamene ankaoneka kuti ndi munthu wa ntchito ndi tsiku la msika ku Mponela, atakhala pakhonde la golosale, kachitsulo kowotcherera mawaya kali pambaula, anthu atafola ndi mawailesi awo.

Anali ndi kachizolowezi kamene kankatiseketsa. Akalowa m'nyumba iliyonse, kaya ndi kuchigayo kaya ndi kutchalitchi, ankawomba m'manja kamodzi n'kupendeka mutu. Kenako ankanena kuti, "Chipinda chino chikuyankha," kapena, "Chino n'chofatsa." Ine ndinkawauza kuti alamu, mukapitiriza zimenezi tidzakumangani ndi luzi. Iwo ankangoseka, poti chilamu sichikwiyitsa.

Ndi amayi athu, a Nambewe, nkhani inali ina. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha awiriwa asanalankhulane maso ndi maso. Sikunali kudana ayi, unali ulemu wa mkamwini ndi apongozi, umene mabanja ena anali atausiya koma amayi anaugwiritsa. Akakumana panjira, alamu ankapatukira m'chimanga. Mawu onse ankadzera mwa Elizabeti kapena mwa ine, ngakhale ongobwereka nkhwangwa.

M'banja mwathu munali bala limene sitinkalikhudza. Achimwene athu a Alexio, mwana wamwamuna yekhayo wa amayi, anali mphunzitsi. Mu 1984 ananena mawu ena ake pakati pa anzawo, ndipo patapita masiku anadzatengedwa pagalimoto. Anawasunga milungu itatu m'chipinda chimene sanafune kutifotokozera. Atawamasula anagona pakhomo masiku awiri okha n'kuthawira ku Zambia. Zipani zitachuluka, anthu othawa anayamba kubwerera, ena ndi ana olankhula zinenero zachilendo. Ife tinadikira, koma achimwene osaoneka. Amayi anali atayamba kutsokomola chifuwa chosatha, ndipo tsiku lina anandiuza mosabisa kuti, "Faines, ndikufuna ndimuone mwana uja maso anga asanatsekeke."

Ndinalemba makalata atatu. Ankawatenga a Solomoni, dalaivala wa lole wa m'mudzi woyandikana nafe, amene ankapita ku Lusaka kudzera ku Mchinji. Yankho linabwera lalifupi: kalata aliyense atha kulemba, amayi sadziwa kulemba, ndiye ndidziwa bwanji kuti si msampha? Ndimve mawu awo. Ndinapsa mtima, koma paja amati chikakuluma chakuda umaopa khala.

Apa ndi pamene ntchito inagwera alamu, poti wailesi ya kaseti yojambula mawu anali nayo iwo okha. Ndipo apa ndi pamene ine ndinalakwitsa, ndivomere. Ndinati mawu a amayi opita kunja kwa dziko sangajambulidwe m'nyumba ya udzu ngati a munthu wosowa. Tipite kutchalitchi chathu chaching'ono, kuli simenti, kuli malata. Alamu anati, "Alamu, chipinda chija chimayankha kwambiri." Ine ndinawabweza kuti mkamwini asamakule mwendo. Anangopita kukagula mabatire.

Tinapita mu Febuluwale. Amayi anavala chilundu cha pa Isitala. Wailesi anaiika patebulo kutsogolo, ndipo popeza alamu ndiwo ankadina mabatani, amayi anakakhala pabenchi lachisanu, chammbali, atayang'ana kukhoma. Palibe amene akanawauza kuti asendere. Analankhula mokweza ngati ali pamsonkhano: "Ine ndine Nambewe. Kuno kuli mtendere. Boma lasintha. Palibe chovuta chilichonse. Ubwere." Ine ndinaona ngati zatheka bwino zedi.

Patatha milungu itatu a Solomoni anabweza kaseti ija pamodzi ndi kapepala. Achimwene analemba kuti: "Munthu uyu akulankhula ali m'chipinda cha simenti. Chipinda chotere ndikuchidziwa ine. Amayi awatengera kuti? Waima kumbuyo kwawo ndani?" Nditawawerengera amayi, sanalire. Anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ine ndinatukwana Zambia yonse. Alamu anandilola ndimalize, kenako anaika kaseti ija n'kunena kuti, "Tamverani bwino, alamu." Ndinatchera khutu. Liwu lililonse linkamveka kawiri, lachiwirilo lozizira, lochokera kutali. Ndikanapanda kukhalapo tsiku lija, inenso sindikanalumbira kuti awa ndi amayi anga. Ndinachita manyazi. Chimene ndimawalemekezera alamu mpaka lero n'chakuti sananene kuti ndinakuuzani.

Sabata yonse yotsatira anazungulira mudzi akuwomba m'manja. M'nyumba mwawo munkamveka malata. M'khitchini munali bwinoko, koma khola la mbuzi linali pafupi. Analowa ngakhale m'nkhokwe, ana akuwaseka. Tsiku lina m'mawa ndikuchokera kumjigo ndinawapeza ataima pakati pa chigafa cha amayi. Unali mwezi wa Malichi kumapeto, chigafa chitadzaza fodya kuyambira kudenga mpaka m'mapewa, masamba atasanduka ofiirira. Anawomba m'manja. Phokosolo linangofera pomwepo ngati mwala wogwera pamchenga.

"Alamu," anatero monong'ona, maso ali gwa, "fodya akumeza mawu obwerera."

Sanathamangire. Anabwereranso masana n'kupeza kuti masamba akauma ndi dzuwa amachita phokoso mphepo ikangodutsa. Mlimi aliyense amadziwa kuti fodya amagwiridwa m'mawa, atafewa ndi chinyontho, koma alamu ndiwo anayamba kuona kuti fodya wofewa amakhalanso chete. Chigafa chilibe makoma, choncho anatenga ziguduli zimene tinasungira mabelo, nazisoka ziwiriziwiri ndi singano ya fodya, n'kuzipachika mbali zonse zinayi. Pansi anayala mphasa, pamwamba pa mphasa bulangete lawo logona nalo. Maikolofoni anaichotsa m'wailesi ina yakufa, naivindikira ndi sefa ya tiyi ya Elizabeti, naiveka sokosi kuti mpweya wa pakamwa usamaiwombe. Kenako analumikiza waya wautali, nautulutsira kunja pansi pa chiguduli.

"Ine ndikhala kunja kuno ndi wailesi," anatero. "Amayi sandiona, ine sindiwaona. Inu mugwira maikolofoni pafupi ndi pakamwa pawo, mpata wa chikhatho chimodzi."

Ndinazindikira apo kuti munthu wa mizere yokhotayo anali atapha mbalame ziwiri. Chiguduli chomwecho chinkatchinga mphepo, chomwechonso chinkasunga ulemu wa apongozi.

Chotsala chinali kuwauza amayi. M'chigafa mwawo simunkalowa munthu wamba, ndipo fodyayo anali wokonzeka kutsitsidwa mawa lake kuti tiyambe kusankha. "Fodya wanga?" anafunsa. "Bambo a Takondwa akufuna asandutse fodya wanga wailesi?" Umo ndi mmene ankawatchulira alamu, potengera dzina la mwana wawo woyamba. Ndinati inde amayi, kwa m'mawa umodzi wokha. Anayang'ana kumwamba kuona mitambo, anayang'ana chigafa, nati, "Mkucha. Koma tsamba limodzi likathyoka, mundidziwa."

M'mawa wa tsikulo nkhuku sitinazitsekulire. Elizabeti anapita ndi ana kudimba. Amayi analowa m'chigafa ndi zovala zakumunda, nakhala pabulangete atatambalala. Munali mdima pang'ono, fungo la fodya lili tho, ndipo kunali zii moti ndinkamva mtima wanga. Kuseri kwa chiguduli kunamveka kudina kwa batani.

"Ine ndine Nambewe," anayamba amayi, mokweza ngati tsiku lija. "Kuno kuli mtendere."

"Alamu," anatero mawu a kuseri, motsitsa, "muwapemphe amayi alankhule ngati achimwenewo akhala pamphasa pomwepo."

Amayi anamva okha, koma ndinabwerezabe monga mwa mwambo. Anakweza maso n'kuyamba kuyang'ana fodya wawo tsamba ndi tsamba. Mkono wanga unatopa, ndipo posintha dzanja chigongono changa chinagunda fodya.

"Iwe Faines, chigongono chakocho! Tsamba limenelo ndi la giredi yoyamba. Ana inu manja anu ndi amodzi, ndi Leki yemwe, anandithyolera mtsuko wa malemu agogo ake n'kunamizira galu." Anaima. Leki ndi dzina limene amayi okha ankawaitanira achimwene. Atayambanso, mawu anali atatsika. "Iwe Leki. Ukundimva? Ndili m'chigafa mwanga muno, palibe wandigwira. Kutchalitchi kuja anandikokera ndi mlongo wakoyu, amakonda zapamwamba. Mango amene unabzala kuseri kwa khola akubereka, akudya ndi ana a eni. Bambo ako tinawaika popanda iwe, sindinakudandaule. Koma tsopano ndikutsokomola, mwanawe. Ndatopa kuyang'ana kumsewu. Bwera."

Anatsokomola, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nati basi. Ine ndinkalira.

Alamu anabweza kaseti n'kutsegula wailesi kuseri komweko. Ndakhala ndikumvera wailesi moyo wanga wonse, koma zoterezi ndinali ndisanamvepo. Amayi anali pakhutu penipeni. Munkamveka kupuma kwawo, munkamveka kamluzu kamene kamatuluka pamene anaguluka dzino. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Kani ndakalamba chonchi?" Kenako anatitulutsa tonse kuti aone ngati fodya wawo ali bwino.

Ndinapempha alamu kuti afufute poyambira paja pamene amayi ankandikalipira, poti ndinaona ngati n'zochititsa manyazi kunja kwa dziko. Ulendo uno mkamwini anakula mwendo. "Alamu, pamenepo sindikhudzapo," anatero, natulutsa kaseti, naikulunga m'pulasitiki.

A Solomoni anaitenga sabata ya Isitala. Epulo anatha. Fodya tinasankha, tinadinda mabelo m'ziguduli zomwe zija, anapita ku okushoni. Meyi anatha, yankho osabwera. A Solomoni ankangoti ndinapereka m'manja mwawo, sananene kanthu. Amayi anasiya kufunsa, ndipo alamu anaonda ngati wolakwa ndi iwo.

Loweruka lina mu Juni, kukuzizira, tikutong'ola chimanga pabwalo, munthu wa imvi anapatuka kumsewu ali ndi sutikesi paphewa. Ine sindinamuzindikire. Amayi ndiwo anaimirira, chimanga chili mbwee kugwa pachitenje, nati, "Leki, wachedwa." Zimene zinachitika pambuyo pake sindingathe kuzilemba bwino, mudzi wonse unadzaza pakhomo ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya.

Madzulo ake achimwene anatulutsa kaseti ija m'thumba la malaya. Anati anaimvera tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, akufunafuna khoma kumbuyo kwa mawuwo, osalipeza. "Ndinangomva amayi akupuma," anatero. "Ndiye atayamba kumukalipira Faines, ndinadziwa kuti palibe munthu angawalembere zimenezo." Anafunsa kuti anajambula ndani. Elizabeti analoza kuseri kwa nkhokwe, kumene alamu anakhala pachitsa monga mwa masiku onse amayi akakhala pabwalo. Achimwene anapita komweko, nagwira dzanja la mlamu wawo amene anali asanamuonepo, osalisiya msanga.

Nkhaniyi inamveka, ndipo chaka chotsatira makwaya a ku Mponela ndi a kwawo ku Ntchisi anayamba kubwera nyengo ya fodya kudzajambulitsa nyimbo. Pambuyo pake alamu anamanga kanyumba kadothi ka denga la udzu, kokutidwa ndi ziguduli mkati monse, kuti asamadikire Malichi. Amayi anakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi, akukalipira mwana wawo pamaso.

Koma ine chimene sindiiwala ndi m'mawa wotsatira kubwera kwa achimwene. Amayi anagwira nkhuku yawo yathadzi, yoikira, nayenda nayo okha mpaka pakhomo pa Elizabeti. Alamu atawaona anadzambatuka kuti azembere kuseri kwa nyumba.

"Imani pomwepo, bambo a Takondwa," anatero amayi. Alamu anaima, atayang'ana kukhoma, wailesi ya munthu ili m'manja. Amayi anaika nkhuku pansi, nakhala pakhonde. "Mwandimva kale ndikulira, ndikubisiraninso chiyani? Tembenukani, mwana wanga, ndikuoneni nkhope."